Tsiku limene ndinatseka pakamwa

Ine sukulu ndinalekeza sitandade 5, koma pakamwa pokha ndinafika napo ku yunivesite. N'chifukwa chake a shado athu, bwana amene ankafuna ukhansala kwathu ku Biriwiri, ananditenga kuti ndiziwatsegulira misonkhano. Ndinkakwera lole, chimkuzamawu kukamwa, kuseketsa anthu mpaka amayi kugwetsa madengu a kachewere.

Koma ntchito yeniyeni inali pamaliro. Musandiyang'ane choncho, onse amatero. Pamaliro anthu amabwera okha, osawaitana. Ine ndinkanong'oneza woyendetsa mwambo kuti a shado apepese mawu awiri okha, kenako n'kukauza amayi oimba kuti ayambe adikira. Mawu awiriwo ankasanduka mijigo, milatho ndi feteleza, malemu ali phee m'bokosi kudikira.

Akazi anga zimenezi ankadana nazo. "Inu bambo," ankatero uku akusenda mbatata, "tsiku langa mudzatseke pakamwapo. Ndikufuna ndidzapite ndi nyimbo, osati ndi mjigo."

"Mayi, inu simungafe. Mukadali ndi zondikalipira zambiri."

Anamwalira kutatsala milungu itatu kuti tivote. Anadwala masiku anayi okha, ndipo awiri mwa masikuwo ine ndinali pa lole. Pamenepo pokha sindisekapo.

Tsiku loika maliro a shado anafika pa galimoto, nsalu zachipani zitapindidwa pampando wakumbuyo. Anandigwira dzanja. "Pepani madala. Mawu awiri okha, mukudziwa kale."

Ndinkadziwadi. Namfedwa sayendayenda pamaliro, koma ndinadzuka ngati ndikupita kuseri, n'kukagwada kwa amayi a mphakati amene akazi anga ankaimba nawo ku tchalitchi. Ndinati, "Amayi, bwanayo akangoimirira, yambani nyimbo. Ikatha, ina. Musapume."

Mtsogoleri wawo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Si inu mumatiletsa kuimba?"

"Ndine ndithu. Lero ndalapa."

A shado anaimirira, kukonza jekete, kutsokomola. Nyimbo inagwa ngati matalala. Anadikira. Itatha anatsegula pakamwa, ina inayamba. Pa yachitatu adzukulu ananyamula bokosi, anthu onse n'kulondola kumanda, bwana kutsala chiimire ndi mawu awo awiri. Akazi anga anapita ndi nyimbo.

Titameta, ndinatumiza chimkuzamawu chija kwa eni ake. Ndinkaganiza kuti abwera kudzandinyengerera, ine n'kukana monyada. Sanabwere. Mawa lake lole inadutsa pamsewu, munthu wina akunena nthabwala zanga, kuzinena molakwikanso. Anzanga a pa lole anasiya kukhotera kwathu. Tsiku lovota ndinapita ndekha, kuviika chala mu inki, n'kubwerera kukathirira kudimba.

Nkhani iyi ndaifotokozapo pamsika, anthu amaseka mpaka misozi. Koma amene ndikufuna kumuuza ndi mmodzi. Ndikamachokera kudimba ndimaikonza m'njira, poika jekete, poika chitsokomolo, poti apa mayi aseka mpaka kugwira nthiti. Ndikafika ndimapeza chitseko chili mmene ndinachisiyira.

Ndimakhala pakhonde n'kuyamba kusenda mbatata, makoko okhuthala, aja ankandikalipira nawo. Ndimasendera dala choncho, n'kudikira pang'ono.