Msilikali wa M'mphepete mwa Bolodi

Inu amene mumathamangira kunena kuti "basi, zanga zada," takhalani pansi ndikuuzeni za Lufina wa ku Tsangano.

Mayeso a Folomu 4 anamugwetsa chaka chimene bambo ake anamwalira. Anayamba kugulitsa kachewere pamsewu, milomo ili yong'aluka ndi chisanu. Chomusangalatsa chinali chimodzi, tchesi, imene anaphunzira pakhonde la a Dyton, okonza njinga pamsika.

Pa boma la Ntcheu panali mpikisano wa tchesi, ndipo wopambana ankalandira malo aulere pa sukulu ina yapulaiveti. Lufina anafika ndime yomaliza. Wopikisana naye atamudyera hatchi, chimodzi mwa zida zamphamvu pabolodi, iye anayang'ana zodyedwa zili pambali, n'kugwetsa yekha mfumu yake. Kugonja masewera asanathe! Anabwerera akulira pamwamba pa lole.

Malume ake sananyengerere. "Mpikisano wa chaka chamawa ndi womaliza kwa iwe. Ukalephera ukupita ku Blantyre kukagwira ntchito ya m'nyumba. Malo ndapeza kale."

A Dyton ndiye anapsa mtima kuposa malumewo.

"Vuto lako iwe, umasewera tchesi ngati bawo. Kwanu nonse ndinu a bawo, maso amangokhala pa zimene mwadya ndi zimene akudyerani. Pano sitiwerenga mitembo!"

Anatulutsa foni yawo yosweka galasi n'kutsegula masewera a akatswiri awiri a kunja, aja amawatcha magirandimasita. Anayala pabolodi mmene zinalili chakumapeto. Woyera anatsala ndi mfumu ndi asilikali awiri. Wakuda anali ndi mfumu, msilikali komanso hatchi.

"Apambana ndani apa?" anafunsa a Dyton.

"Wakuda. Ali ndi hatchi."

"Aaa! Hatchiyo ili kuti? Tayang'ananso."

Hatchi inali kutali, mbali ina ya bolodi. A Dyton anamuonetsa kuti hatchi imadumpha mokhota, ndiye m'mphepete imasowa potembenukira. Katswiri woyera uja anatulutsa mfumu yake pakona pamene inabisala masewera onse, n'kuiyendetsa kabokosi kamodzikamodzi mpaka inatchinga njira ya hatchi. Msilikali wake wa m'mphepete anangoyenda mpaka mzere womaliza, pamene msilikali amasanduka mfumukazi, chida champhamvu kuposa zonse.

Lufina anajambula bolodi pa katoni. Makasitomala akasowa, ankabwereza mathero omwewo ndi zitsekerero za mabotolo, akudzifunsa chifukwa chimene mfumu inapondera apa osati apo. Masiku ena ankatopa nazo n'kukankha katoniyo pansi pa thumba. Mawa lake ankaitulutsanso. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chaka chinatha. Lufina anafikanso ndime yomaliza, ulendo uno ndi Maynard, mnyamata wa kusekondale amene anali asanagonjepo mumpikisanowo.

Ndipo mukhulupirira? Hatchi inapitanso! Koma mwana uyu ndi mahatchi, kaya.

Malume ake, amene anaima kumbuyo, anatenga chipewa kuti azikafunsa za minibasi. Dzanja la Lufina linanyamuka lokha kulunjika kwa mfumu. Analigwira, n'kulikhalira pampando. Inde, anakhalira manja onse awiri.

Kenako anawerenga mabokosi. Msilikali wake wa m'mphepete anatsala ndi anayi kuti afike. Anatulutsa mfumu.

Maynard anamwetulira n'kupita kukadya msilikali wina wa Lufina, kumbali inayo. Pamene ankabweza hatchi, anapeza mfumu ya Lufina itaima panjira. Anayesa uku, anayesa uko, thukuta kamukamu. Msilikali anafika, mfumukazi inabadwa, ndipo pasanapite nthawi Maynard anatambasula dzanja kuvomera kugonja.

Lufina sanakuwe. Anangogwetsa mutu patebulo n'kupuma mpweya umene anausunga chaka chathunthu. A Dyton, amene ankaonerera pambali, anakhala pansi penipeni.

Malume anabwera akupotokola chipewa. "Nanga a ku Blantyre aja ndikawauze chiyani?"

"Mukawauze kuti ndili kusukulu, malume."

Anabwereza Folomu 4, ndipo anakhoza.

Ndiye inu amene chakuthawani chinthu chachikulu, kaya ntchito, kaya mayeso, kaya banja, lirani ndithu, misozi si mlandu. Mukatha kulira muyang'ane chaching'ono chimene chatsala m'manja mwanu, n'kuyamba kuchiyendetsa lero lomwe. Osataya mtima, abale anga.