Busaina ndi Makoma Omera Denje

Tsiku limene Busaina anachotsedwa sukulu, kanyumba kake kamakatoni anakatola yekha pansi, ophunzira anzake makumi anayi akumuyang'ana. Zaka zisanu ndi chimodzi akuphunzira kujambula mapulani a nyumba, koma mayeso otsiriza sanathe ngakhale mphindi khumi. Unali mwayi wake wachiwiri, ndipo wachitatu kunalibe.

Pulofesa wotsogolera oyesa analoza ndi cholembera timabowo timene Busaina anasiya pakhoma la kanyumbako.

"Zabweranso zija? Mauna a makoswe?"

"Ndi malo a zomera, aPulofesa. Fumbi likagweramo, mbalame zikabwera ndi njere..."

"Mbalame!" Anatembenukira anzake. "Mwamva? Ife tikusula akatswiri, uyu akumangira mpheta. Bambo ako amagwira ntchito yanji, mtsikana iwe?"

Ankadziwa bwino lomwe. Aliyense muholomo ankadziwa.

"Ndi mlonda wa pakhomo, ku Dokki."

"Ndimayesa. Kawauze kuti anabereka dzanja la khasu. Muno ndi mu Cairo, si kumudzi kwanu ku Sohag."

Anakankha kanyumbako ndi chigongono, kanagwa.

Abale anga, ine ndayenda. Ndinayamba ndi kangolo kokankha, kugulitsa mipope yakutha, lero masitolo anga ali m'mizinda itatu ndipo pasipoti yanga yachinayi yadzaza zidindo. Ndatukwanidwa ku Jeddah, ndanyozedwa ku Marseille, ndipo onsewo ndinawaseka. Koma mwano wa munthu wophunzira kwa mwana wa mmphawi, umenewo sindinauzolowere. 

Kodi mwanayo analakwanji? Anakulira m'kachipinda ka pansi pa masitepe a nyumba imene bambo ake ankalondera, mopanda zenera. Amayi ake ankadzala denje ndi mpungabwe m'zitini za mafuta padenga, mpaka tsiku limene mkazi wa mwini nyumba analamula kuti zitini zonse zitayidwe, eti zikuchititsa manyazi alendo. Mayi yemweyo pabalaza pake panali maluwa apulasitiki, amene amake Busaina ankawapukuta fumbi Lachinayi lililonse!

Kuyambira pamenepo Busaina ankayenda maso ali pamakoma. Anaona kuti mumzinda uno paliponse pamene pali mng'alu ndi dontho la madzi, pamamera chinthu. Pansi pa mitsuko imene anthu amaikira odutsa m'njira madzi akumwa, pamamera bonongwe. Pamene makina oziziritsira m'nyumba amadonthezera, pamamera phwetekere amene palibe anamudzala. Ife timazula, timamata simenti, kenako timadandaula kuti kukutentha. Iye anangofunsa funso limodzi: bwanji osamanga khoma lolandira zomerazo? Funso limeneli ndi limene linamuchotsetsa sukulu.

Anakhala m'kachipinda kaja milungu itatu osatuluka. Kenako anavala nsapato za mchimwene wake n'kupita ku Ard el-Lewa, kumene anthu amamanga okha popanda mapulani, njerwa zofiira pamwamba pa njerwa zofiira. Kumeneko anakapeza a Shehata, mmisiri wokalamba wa pakamwa polasa.

"Mtsikana pa ntchito ya njerwa? Ukufuna anthu anga azigwa pamakwerero?"

"Masitepe amene mwamangawa, bambo, lachitatu ndi lalitali kuposa anzake. Munthu wonyamula mwana adzapunthwa."

A Shehata anayeza ndi chikhatho, anatukwana wantchito wawo, n'kumuponyera Busaina tepi yoyezera. "Ubwere mawa. Koma zachizungu zako uzisiye pakhomo."

Anagwira nawo zaka ziwiri asanamulole kuyesa maganizo ake. Anamupatsa khoma limodzi la nyumba ya msuweni wawo. Busaina anatembenuza njerwa zina kuti zituluke ngati timashelefu, anathiramo dothi, anapatutsirako madzi a makina oziziritsira aja. Zomera zinamera ndithu. Koma patatha miyezi inayi madzi analowa m'khoma, nkhungu inadya kabati ya mkazi wa msuweniyo pamodzi ndi zovala zake zaukwati. Mayiyo anatuluka mumsewu atanyamula diresi lakuda ndi nkhungu, akulira ngati pamaliro. Kuyambira tsiku limenelo oyendetsa matukutuku, tigalimoto ta matayala atatu tija, akamuona Busaina ankaimba hutala n'kufuula: "Injiniya wa chinyontho! Kwathunso kabati ilipo!"

Apa ambiri a inu mukadasiya, musaname. Iye anapita kwa oumba mbiya a ku Fustat. Lachisanu lililonse, miyezi isanu ndi itatu, ankakhala pambali pa ng'anjo, akuswa mbiya, akuumbitsa zina. Pomaliza anapeza chimene ankafuna: kamphika kolowa m'khoma m'malo mwa njerwa imodzi, kumbuyo kwake kowotchedwa kawiri kuti kakhale ngati galasi, madzi kapena muzu usadutse, kutsogolo kosiyidwa kadothi kuti kazipuma, ndi kamlomo kotsanulira madzi otsala m'kamphika ka m'munsi.

Koma ndani akadamupatsanso khoma? Anamupatsa ndi Hajja Nabawiya, mayi wamasiye amene ankamanga nyumba yosanja kasanu, mwana wamwamuna aliyense ndi nsanjika yake monga timachitira. Khoma lalikulu la nyumbayo linayang'ana kolowera dzuwa, ndipo amene anakhalapo m'chipinda chotere m'mwezi wa Ogasiti akudziwa kuti ndi uvuni.

"Ndamva za kabati ija," anatero Hajja. "Koma ine ndinabadwira m'munda, mwanangu, ndipo zaka makumi atatu ndakhala ndikugula denje wofota. Manga."

A Shehata anamukokera Busaina pambali. "Tamvera. Eni nyumba atatu mumsewu uno akuti aone kaye khomali litadutsa chilimwe chachiwiri. Likadutsa, ntchito ndi yako. Likalephera, ine ndi iwe tasiyana, ndipo ku Ard el-Lewa kuno sudzagwiranso njerwa."

Pofika chilimwe chachiwiricho khoma linali litasowa m'masamba. Akazi a m'nyumbamo ankangotulutsa dzanja pazenera n'kuthyola minti wa mu tiyi. Timiphika ta pamwamba, kosafika dzanja, Busaina anatisiya topanda kanthu, ndipo nkhunda za padenga la aneba zinagwira ntchito yake: munamera bonongwe, phwetekere, ndi zina zoti ngakhale Hajja sankazidziwa maina. Zitsulo zimene timazisiya zitaloza kumwamba kudikira nsanjika ina, chinkhupule chinazikwera n'kupanga mthunzi.

Kenako kunabwera Wagdi, mwana wachinayi wa Hajja, kuchokera ku Kuwait, ndi wotchi yagolide ndi fungo la perefyumu lomveka kutsidya la msewu. Anabwerera kudzakwatira, ndipo Lachisanu lotsatira amake a mkwatibwi ankabwera kudzayendera nyumba. Inu mukudziwa kuti apongozi akakana nyumba, ukwati wafera pomwepo.

Wagdi atatsika galimoto anagwira kumutu.

"Amayi! Ndinkatumiza zomangira nyumba kapena dimba? Apongozi anga ndi anthu a ku Heliopolis, kwa anthu olemera, aona chiyani apa, khola la mbuzi?"

Busaina anamupeza m'mawa mwake, anthu atatu ali kale pamakwerero, matailosi onyezimira ataunjikidwa pansi.

"Achimwene, musachotse. Khomali likuteteza zipinda ku dzuwa."

Wagdi anamuyang'ana kuchokera kunsapato. "Ndiwe uja? Tandionetsa satifiketi yako."

Msewu wonse unali pamazenera. Busaina anayankha kuti, "Ndilibe."

"Ulibe! Ndiye ukulankhula ngati ndani? Kokani zonsezo, anyamata, kuyambira pamwamba mpaka pansi!"

Hajja Nabawiya anatuluka ndi mpando wake n'kukhala patsinde pa makwerero. "Iwe Wagdi, ndinakubereka ndine. Nsanjika yachinayi ndi yako, ivule ngati ukufuna. Koma wokhudza tsamba limodzi la nsanjika zinazo ayambe waponda pamutu panga."

Anaivuladi. Busaina anaima tsidya la msewu akuona mitolo ya denje ndi mpungabwe ikugwa m'fumbi, timiphika take tikumatidwa simenti. Pofika Lachitatu nyumbayo inali ndi lamba wa matailosi pakati pa masamba. Eni nyumba atatu aja anadutsa osamupatsa moni. Mmodzi anauza a Shehata mokweza kuti, "Ngati mwana wa m'nyumba momwemo akuchita nazo manyazi, ife tizitengere chiyani?" Ndipo Wagdi anali atalumbira kuti ukwati ukangotha, abale ake awanyengerera avulenso zawo.

Busaina sanagone pamphasa kulira. Ankadziwa zinthu ziwiri zimene munthu wa ku Kuwait uja anaziiwala: kuti chilimwe chimenecho magetsi ankazima tsiku lililonse 2 koloko masana, ndi kuti mlendo waulemu sadutsa khomo la mkulu osapereka moni.

Lachisanu, mapemphero atatha, amake Shahinda, mkwatibwi uja, anafika: mayi wamkulu thupi, wamagalasi akuda, mwana wawo ali pambuyo. Busaina anali pamasitepe a nsanjika yachitatu. Analibe udindo uliwonse wolankhula pamenepo. Analankhulabe.

"Takulandirani, mayi. Apa ndi pa akulu ake a mkwati. Akazi awo ateleka kale tiyi, akuti sangalole kuti mudutse chonchi."

Wagdi anamuyang'ana ndi diso loti likadakhala mpeni. Koma akadati chiyani, apongozi asapereke moni?

Analowa. Asanakhale n'komwe, magetsi anazima. Mkazi wa m'nyumbamo anatulutsa dzanja pazenera, anathyola minti, anaponya m'matambula. Kamphepo kankalowa kudzera m'masamba onyowa. Amake Shahinda anavula magalasi. Anayendetsa chala pazenera kufunafuna fumbi monga amachitira apongozi onse a dziko lino, anachiyang'ana, anayendetsanso kachiwiri. Fumbi panalibe. Anamwa matambula awiri.

Kenako anakwera kwa Wagdi. Chitseko chitangotsegulidwa, kutentha kunawamenya kumaso. Dzuwa linali litakhala pamatailosi kuyambira masana, makina oziziritsira awiri atsopano ali duu. Amake Shahinda anagwira khoma n'kuchotsa dzanja msanga. Thukuta linayamba kutsika m'khosi.

"Mwana wanga Wagdi, iwe umamuda Shahinda?"

"Ayi, mayi! Onani matailosiwa, ndi ochokera kunja, ndipo magetsi akangoyaka..."

"Akangoyaka! Ndiye mwana wanga azikhala akupempherera magetsi? Ndinamulera kuti adzakhale mkazi wa munthu, osati buledi. Bwanji m'munsimu muli ngati m'mphepete mwa Nailo, muno ngati mophikira njerwa? Abale ako anakumana?"

 Hajja Nabawiya, amene anakwera pang'onopang'ono pambuyo pawo, anayankha akupuma wefuwefu: "Sanamumane, mlongo wanga. Anavula yekha Lachiwiri. Akuti amachita manyazi ndi inu."

"Ndi ine? Ine amene pakhonde panga padzaza zitini mpaka bambo ake Shahinda amasowa popondera?" Anatembenuka. "Anamanga za m'munsizo ndani?"

Busaina anali pakhomo. "Ndine, mayi."

"Zingabwerere?"

"Timiphika tilimo, angotimata. Akagumula matailosi sabata ino, chinkhupule ndi denje sizichedwa. Masiku makumi anayi."

"Wamva, Wagdi? Masiku makumi anayi. Ndidzabweranso nthawi ngati yomwe ino, magetsi atazima. Ndikadzatuluka thukuta, mphete yako udzaipeza kwa amayi ako."

Loweruka m'mawa msewu wonse unadzutsidwa ndi hamala. Anali Wagdi mwini wake pamakwerero, wotchi yagolide ili m'thumba, akugumula matailosi ake ochokera kunja, Busaina ali pansi akumuuza kuti, "Pang'onopang'ono, achimwene, mungaswe mphika!" Dzuwa lisanalowe, eni nyumba atatu aja anali atakhala pabenchi la a Shehata, akukangana za amene ayambe kumangiridwa.

Ukwati unachitika. Lero ku Ard el-Lewa ndi madera ozungulira kuli nyumba zoposa makumi asanu ndi limodzi za makoma omera, ndipo oumba mbiya anayi sagwiranso ntchito ina koma ya Busaina. Mipope yake yonse amagula kwa ine, ndipo ine sindigulitsa kwa anthu wamba, funsani aliyense.

Tsono iwe amene ukuwerenga uli khuma chifukwa wina wakuuza kuti si iwe kanthu, dzuka. Ukalakwitsa, pita ukaphunzire pamene walakwitsapo, ngakhale msewu wonse ukuimbire hutala. Akakugumulira, ima pomwepo, tsegula maso, udikire ola lako, ndipo likakwana ulankhule. Wonyoza ali ndi pakamwa pokha, iwe uli ndi manja awiri. Mtima wako usaugwetse pansi, m'bale wanga, ugwire zolimba.