Galimoto yowonda

Chaka chimene amuna anga anayamba kuwonda, mlandu wonse unagwera ine. Ndinakwatiwa chitengwa m'mudzi wina kufupi ndi Kabudula, ndipo nyumba yathu ndi ya apongozi anga aakazi zinayang'anana makomo. Ali pakhonde pawo ankaona chilichonse cholowa m'khitchini mwanga, ndipo zimene sanazione ankangozipeka. Amuna anga anali munthu wathupi, wogula ndi kugulitsa soya ndi mtedza, woti akakhala m'galimoto mimba inkatsamira chiwongolero. Kenako malaya anayamba kuwakulira. Lamba anamuboola mabowo ena ndi msomali, khosi n'kutalika ngati la nkhuku yonyowa.

"Mwana wanga sakudya pakhomo pano," ankatero apongozi. Sankauza ine ayi. Ankauza nkhuku, mbuzi, ndi aliyense wodutsa, bola mawuwo afike m'makutu mwanga.

Zinkandiwawa, ndisaname. Ine ndinkaphika. Munthuyo ankadya ngati waganyu, mbale n'kuyera, n'kufunsanso ngati kwatsalako. Koma apongozi ankakhulupirira maso awo, ndipo maso awo ankaona mafupa. Anayamba kudyetsa okha mwana wawo: m'mawa tiyi wa shuga wosayeza, masana thobwa lotsekemera, madzulo zitumbuwa. Amuna anga ankalandira mbali zonse ziwiri mosakana, n'kumawondabe. Ndikati tipite kuchipatala, ankangoseka.

"Ndi ntchito chabe iyi. Malonda akatha thupi libwerera."

Galimoto yawo ankaisamala mwanjira yomweyo. Inali yakale, yochokera ku Japan, yonunkha mtedza m'kati monse. Tsiku lina padashibodi panayaka kanyali kachikasu kamene madalaivala amangokatcha cheki. Amuna anga anakayang'ana, anadula tepi yakuda, n'kukamata. Akuti kankawatopetsa maso. Galimoto inayamba kunjenjemera ikaima, pachitunda inkachita ulesi, ndipo nthawi zina inkazima yokha pamsika anthu akuona. Mankhwala awo anali amodzi basi, kuthira petulo wina.

Apongozi atatopa ndi kuuza nkhuku, anatumiza uthenga kwa atsibweni anga ku Mpingu, amene ndiwo ankhoswe a mbali yanga. Mlandu wake unali wakuti mkazi akumana mwamuna chakudya. Ndinadziwa kumene nkhaniyo inkapita. Mkazi wachitengwa akapezeka wolakwa amalongedza katundu, ndipo ine pamudzipo ndinali ndi ana anga, dimba langa, ndi nyumba imene njerwa zake ndinasenza ndi mutu wanga. Amuna anga, amene chibadwire sanatsutsepo mayi awo, anangoti, "Tiyeni tikangomva." Ndinalakalaka kuwamata tepi ija pakamwa.

Tinanyamuka m'mawa. Apongozi anakhala kutsogolo, chigubu cha thobwa chili pamiyendo, kuti mwana wawo asafe ndi njala panjira. Ine ndinakhala kumbuyo, ndikunola mawu oti ndikayankhe kwa ankhoswe. Ndinali nawo ambiri, ndipo ena mwa iwo sanali oyenera mkazi wopemphera.

Pa Nsaru linali tsiku la msika. Ngolo ya ng'ombe inadutsa kutsogolo kwathu, amuna anga anaponda buleki, galimoto inanjenjemera, n'kuzima. Anailiza, inatsokomola, n'kuzimanso. Anthu ogulitsa kaunjika anatikankha mpaka pagalaja ina pansi pa mitengo ya bulugamu, akutiseka njira yonse.

Mwini galajayo anali bambo wamkulu thupi, wa mawu ngati wolalikira pamaliro. Anakhalapo ku Joni, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Analowetsa mutu m'galimoto, anaona tepi ija, n'kuimatula ndi chikhadabo. Kanyali kaja kanali kakuyakabe, mokhulupirika.

"Wamata mboni pakamwa ndani?" anafunsa.

Amuna anga anayang'ana kumsika.

Amakanikowo anabweretsa kamakina kokhala ngati foni yaikulu, analumikiza chingwe chake pansi pa chiwongolero, n'kudinadina. Anawerenga milomo ikugwedera. Kenako anadzuka, n'kulengeza kuti msika wonse umve.

"Bwana, injini yanu yawonda."

"Yatani?" anafunsa apongozi.

"Yawonda, mayi. Makinawa amalankhula Chingerezi, ine ndikungomasulira. Akuti yawonda. Siikukhuta."

Apongozi anaika chigubu pansi kuti manja onse awiri apeze ntchito. Anawomba m'manja kamodzi, mwamphamvu.

"Mwamva anthu inu? Ngakhale galimoto! Pakhomo paja chilichonse chikuwonda. Makina a ku Joni anena okha!"

Anthu amene anatikankha aja anali asanachoke, ndipo anaseka mpaka wina anakhala pansi pa teyala. Ine nkhope inatentha. Zaka zonse ndinali ndisanawayankhepo apongozi pagulu, koma tsikulo lilime linandithawa.

"Amayi, galimoto sindiiphikira ine."

"Mukanaiphikira bwenzi itafa kale," anatero, osanditembenukira n'komwe.

Amakanikowo nkhaniyo inawakomera. Anaimika dzanja ngati woweruza. "Dikirani, tisaweruze msanga. Injini imadya zinthu ziwiri, petulo ndi mpweya, ndipo zili ndi muyezo wake ngati ufa ndi madzi pophika phala. Mpweya ukachuluka, petulo n'kuchepa, ndiye phala lamadzimadzi limenelo, injini imafooka. Tsono pali njira ziwiri. Mwina petulo sakufika, mwina mpweya ukulowa pamalo olakwika. Tiyambe ndi chakudya, eti?"

"Yambani ndi chakudya," anatero apongozi. "Mupeza kuti kulibe."

Amakanikowo anatsegula boneti. Anayang'ana sefa ya mafuta, kenako analumikiza kawotchi kena papaipi ya petulo n'kuuza amuna anga kuti apotoze kiyi. Muvi wa kawotchiko unakwera n'kuima. Ine sindinkadziwa kuti uyenera kuima pati, koma ndinauyang'anitsitsa ngati ndi umene undiweruze. Mtima unkagunda chifukwa cha pampu ya galimoto, tangoganizani.

"Pampu ikukankha bwino," anatero amakanikowo. "Sefa ilibe vuto. Chakudya chikufika, chokwanira ndithu."

"Pepani abambo," ndinatero, "sindinamve bwino. Mubwerezenso?"

"Ndati chakudya chikufika."

"Zikomo kwambiri."

Apongozi anakonza mpango wawo kumutu.

Tsopano kunatsala mpweya. Amakanikowo analiza injini, n'kuika khutu pafupi kuti amve ngati pena pakulira tsiii, koma pamsika wa Nsaru munthu sungamve ngakhale maganizo ako. Uku wailesi, uku mbuzi, uko oitanira minibasi. Anazimitsa injiniyo, n'kunena kuti ku Joni ali ndi makina opopa utsi, koma kuno tigwiritsa ntchito zimene Mulungu anatipatsa. Anapita kwa mkulu wina wogulitsa fodya wa chingambwe, anabwera ndi ndudu yopichira papepala, yonenepa ngati chala chachikulu. Anatseka pakamwa pa paipi yaikulu yolowera mpweya ndi jumbo, n'kumanga ndi mphira. Kenako anazula kapaipi kakang'ono, anayatsa nduduyo, anakoka utsi, n'kuyamba kuuzira m'kati mwa injini.

Apongozi anga alima fodya moyo wawo wonse, koma ndi mayi wamkulu kumpingo, ndipo pakhomo pawo palibe anayatsapo ndudu.

"Mukutani kodi? Galimoto imeneyi imanyamula amayi a kumpingo! Mukuisutitsa fodya?"

"Ndi mankhwala, mayi. Lero lokha."

Anauzira, anatsokomola, anauziranso, maso ali psuu. Tonse tinaweramira muinjini, ngakhale apongozi, mphuno atatseka ndi nsonga ya chitenje. Poyamba panalibe kanthu. Kenako kautsi kanatuluka pang'onopang'ono pansi pa paipi yaikulu yamphira ija, pamene ili ndi makwinya. Amakanikowo anaimasula, anaitembenuza, n'kuipinda. Inali yong'ambika kunsi, malo oti chala n'kulowa. Ukaiona pamwamba inali yabwinobwino.

"Wakuba ndi uyu," anatero. "Kutsogoloku kuli kachipangizo koyeza mpweya wolowa. Injini imapereka petulo molingana ndi mpweya umene wayezedwa. Koma uwu ukulowera kuseri, wosayezedwa. Ndiye muyezo wonse wasokonekera."

"Nanga petulo yense amene mwana wanga wakhala akuthira uja?"

"Ngakhale mudzaze thanki mpaka kutayikira, mayi, iwondabe. Wothira alibe mlandu. Vuto lili m'kati."

Ndinayembekeza kuti apongozi apeza choyankha, poti sasowa. Koma anatembenuka, akufunafuna mwana wawo ndi maso. Amuna anga panthawiyo panalibe. Anali atapitanso kuseri kwa galaja kukataya madzi, monga ankachitira paliponse tikaima. Anatulukira akukweza buluku ndi dzanja limodzi, dzanja linalo atanyamula botolo lamadzi limene anali atangogula, akumwa ngati munthu wochokera kumunda. Dzuwa linawawomba kumbuyo, malaya akulendewera pamapewa. Apongozi anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anabwera pafupi ndi ine, n'kutsitsa mawu.

"Apongozi, kodi amadya?"

Miyezi yonseyo anali asanandifunsepo. Ankangonena.

"Amadya, amayi. Kuposa kale. Madzi ndiye samakhuta nawo, ndipo panja amatuluka kosalekeza. Ndikati kuchipatala, amakana."

"Bwanji simunandiuze?"

Yankho ndinali nalo, lakuthwa bwino, koma ndinalimeza. Nkhope yawo inali itasintha, ndipo ndinaona kuti ali ndi mantha, omwewo amene ine ndinali nawo.

Amakanikowo anapeza paipi ina pagalimoto yakufa imene inali kuseri, anaimanga, anadina kamakina kaja, kanyali n'kuzima. Injini inalira mosalala, osanjenjemera. Anaponya tepi ija m'ngalande n'kuuza amuna anga kuti kanyali kakadzayakanso adzabwere nako kali maso. Tinanyamuka, galimoto yonse ikununkha chingambwe, apongozi atatsegula windo mpaka pansi.

Titafika pamsewu wa tala wa ku Mchinji, amuna anga anayatsa indiketa yakumanzere, kolowera ku Mpingu.

"Kumanja," anatero apongozi.

"Amayi, ku Mpingu ndi uku."

"Ndikudziwa kumene kuli Mpingu, ndinabadwa iwe usanabadwe. Tikupita ku Namitete, kuchipatala."

"Ine sindikudwala. Ankhoswe akutidikira."

"Iwe," anatero apongozi, "galimoto yako yavomera kusuta fodya pagulu kuti ichire. Iwe ungakane kukayezedwa? Khota."

Kwa nthawi yoyamba ndinayamika Mulungu kuti anandipatsa mwamuna wosatsutsa mayi ake. Anakhotera kumanja.

Kuchipatala anawabaya chala, n'kuika dontho la magazi pakamakina kakang'ono kuposa ka amakaniko aja. Anamwino anayang'ana kamakinako, anayang'ana amuna anga, n'kufunsa ngati abwera akuyendetsa okha galimoto. Anali matenda a shuga, ndipo shugayo anali atakwera kwambiri. Anawagoneka tsiku lomwelo. Anamwinowo anatifotokozera kuti munthu wotere amadya koma thupi silipindula, ndipo anatiuza zoti azipewa. Atatchula tiyi wa shuga ndi thobwa lotsekemera, apongozi anayang'ana chigubu chimene anali atachinyamula mpaka m'wodi.

Titatuluka, tinakhala pabenchi panja. Apongozi anapita kukakhuthula thobwa lonse pansi pa mtengo, anabwerera ndi chigubu chopanda kanthu, n'kukhala pafupi nane kuposa mmene anakhalirapo chikwatiwire changa.

"Ndiye kuti ndimamupha ndine," anatero.

"Ayi amayi. Simunkadziwa. Nanenso sindinkadziwa dzina lake."

Foni yanga inalira. Anali atsibweni, mawu ali okwiya, akuti ankhoswe a mbali zonse akhala pamphasa kuyambira m'mawa, kodi tasochera? Ndisanayankhe, apongozi anatambasula dzanja. Foni saidziwa bwino, amaigwira patsogolo pa kamwa n'kumakuwa ngati akuitana munthu kutsidya kwa dambo, choncho odwala ndi owadikirira onse pabwalopo anamva.

"Ndine mayi wake wa mwamuna! Eya, ndine ndinaitanitsa! Pindani mphasa, mlandu palibe! Mwana wanuyu amaphika. Ndinamunamizira ine, ndipo ndidzabwera ndekha kudzanena zimenezi pamaso panu. Pano sindingachoke, mwana wanga wagonekedwa, ndipo amene akudziwa kumusamala ndi mkazi wake."

Anandibwezera foni osaidula. Atsibweni anali akufunsabe kuti kodi chachitika n'chiyani, koma ine ndinali ndikulira.