Ndinasiya Ndodo Kutchalitchi N'kumatsamira Ambulera

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kupha mwana amene ndinamulirira zaka zambiri, ndipo chifukwa chake mukachimva museka. Sekani ndithu, nanenso masiku ano ndimaseka, koma mukatha kusekako mutolepo kanthu. Ndinachita manyazi kugwira ndodo pamaso pa anthu amene ndinawauza ndi pakamwa panga kuti ndachira.

Ndimakhala ku Zingwangwa, kumtunda kuja kumene maminibasi safika, ndipo ndimagulitsa kaunjika wa ana pamsika. Matenda anga alibe dzina. Anayamba nditangokwatiwa kumene. Tsiku lina ndikuchapa ndinangomva mwendo wakumanzere wachita dzanzi ngati ndaukhalira. Ndinaupondetsa pansi, ndinautsina, koma osamva kanthu. Dzanzi wamba limatha ukaimirira, koma ili ndinagona nalo, ndinadzuka nalo, mpaka milungu inadutsa. Kenako linachoka lokha osatsanzika.

Patapita miyezi linabweranso, ulendo uno litatenga anzake. Dzanja limagwetsa makapu, maso amaona zinthu ziwiriziwiri, ndipo ndikangosesa pakhonde ndimatopa ngati ndalima munda wonse. Amuna anga amawotcherera zitsulo ku Ndirande, ndipo ndi munthu wanthabwala. Nditawauza kuti ndikuwaona awiri, anati ndisankhepo wooneka bwino akhale pakhomo, winayo azipita kuntchito. Nthabwala zawozo ndi zimene zinandisunga, chifukwa mumtima ndinali ndi mantha aakulu.

Kuchipatala ndinapita mpaka alonda a pageti anayamba kundipatsa moni wa pachibale. Anandiyeza malungo, shuga, kuthamanga kwa magazi, ndi magazi aja timawaopa tonsefe. Anandijambula msana, anandilowetsa mutu m'makina. Zonse zimatuluka bwinobwino. Anthu ena akauzidwa kuti zonse zili bwino amatuluka akuvina, ine ndimatuluka ndikulira uku ndikukoka mwendo. Dokotala wina wachitsikana ndiye anandiuza chilungamo. Anati vuto lili m'mitsempha ndipo akuliona, koma dzina lake sangalitchule motsimikiza. Anati matenda otere amabwera n'kumapita, choncho ndizibwerabe kuti azinditsatira. Ananditumiza ku mafizo, kolimbitsa ziwalo kuja, kumene anandipatsa ndodo yachitsulo ya labala kunsi.

Matenda opanda dzina amavuta m'tauni muno. Wodwala shuga anthu amadziwa chomupatsa ndi chomumana, koma ine aliyense anali dokotala wanga. Apongozi anga, amene anachoka ku Mulanje kudzakhala nafe, amandiphikira mizu yowawa. Mnzanga wa benchi loyandikana ndi langa pamsika anati ndizimwa adyo ndi mandimu. Wina anandinong'oneza kuti ndaponda mankhwala a munthu wansanje. Ndiye poti matendawa amachoka okha nthawi yawo ikakwana, amene wandipatsa chinthu chomaliza ndiye amatenga ulemu wonse. Chaka china adyo anatchuka pamsika pathu chifukwa cha ine.

Ndodo ija imandithandiza, koma ndinkadana nayo. Mkazi wamsinkhu wanga ukamayenda ndi ndodo makondakitala amakuitana kuti agogo, ndipo amayi anzako amakulankhula ndi mawu apansipansi ngati ali pamaliro. Ndimati mwendo ukangodzuka, ndodo ndaiponya kunsi kwa bedi.

Kenako, titataya kale mtima pa nkhani ya mwana, ndinaima. Chodabwitsa n'chakuti mimba itayamba kukula matenda onse anathawa. Mwendo unapepuka, maso anayera, ndipo chitunda cha kwathu ndimachikwera ndi mimba yangayo osaima panjira. Chikwatiwire ndinali ndisanakhalepo bwino nthawi yaitali choncho.

Kutchalitchi kwathu, Lamulungu lililonse kumakhala nthawi ya maumboni, ndipo pali chizolowezi chakuti amene wachira amasiya kutsogolo chinthu chimene chimamukumbutsa matenda ake. Ndisanamizire munthu, palibe anandikakamiza. Ndinadzuka ndekha, ndinalanda maikolofoni, ndinalankhula mpaka mawu anasasa. Pomaliza ndinakweza ndodo ija m'mwamba n'kuiponya paguwa, ndikulumbira kuti dzanja langa silidzaigwiranso. Nthungululu zake! Amayi anandiyalira zitenje, ena amajambula pafoni, ndipo pofika madzulo kanemayo anali atazungulira Zingwangwa yonse. Achibale a ku Bangwe anaimba foni akulira ndi chimwemwe. Pamsika anthu amabwera pabenchi langa osati kudzagula, koma kudzaona mayi wa umboni uja. Ndinakoma nazo, ndisaname. Kwa dokotala uja ndinasiya kupitako, nanga munthu wochira akatani kuchipatala?

Mwana anabadwa bwinobwino, wamkazi, ndipo tinamutcha Tayamika. Ndinali mayi wonyada kuposa onse pamzere wathu.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Tayamika ali ndi miyezi yochepa, ndinadzuka m'mawa wina n'kumva mwendo uja walemera. Sindinafunikire wondiuza. Ndinakhala pabedi mwana ali kubere, ndikulingalira za nthungululu zija. Anthu akandiona ndi ndodo adzati chiyani? Ena adzati ndinanama, ena adzati chikhulupiriro changa n'chochepa, ena adzati ndili ndi tchimo limene ndikubisa. Ndinaona kuti bola kukhala chete mpaka matendawa achoke okha monga mwa nthawi zonse.

Apa m'pamene ndinapeza nzeru imene ndinkaiona ngati yakuya. Mu Okutobala mayi aliyense wakhanda amayenda ndi ambulera yotchingira mwana dzuwa, ndipo palibe amamufunsa. Ndinagula yaikulu, yachigwiriro chopindika, yotalika ngati ndodo ndithu. Ndimabereka mwana, n'kumayenda ndikutsamira ambulera yanga yosatsegula. Amuna anga amachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, ndiye akakhala pakhomo ndimangokhala pampando n'kumawatuma. Iwo amaseka kuti uchembere wandipatsa ubwana.

Amene sindinathe kuwapusitsa ndi apongozi. Tsiku lina ndikutuluka pageti anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Amake Tayamika, ambulera za anzanu zimayang'ana kumwamba. Yanuyi bwanji ikungoyang'ana pansi, mwana akupsa ndi dzuwa?"

Ndinawayankha kuti imavuta potsegula. Anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Bisani matenda, maliro tidzamva." Ndinakwiya nawo tsiku lonse, poti munthu akakulasa pachilonda ndi amene umadana naye.

Tsiku la sikelo litafika, apongozi anapempha kuti mwanayo abereke iwo, ine ndizingoyenda pambali. Ndinakana. Ndimafuna kuti amayi a kusikelo aone mayi wa umboni atabereka yekha mwana wake. Ndinamanga chitenje, ndinatenga ambulera, n'kudzera njira yachidule yotsikira kumsewu.

Panjira imeneyo pali ngalande yakuya yasimenti, ndipo anthu amawolokera pathabwa. Ndinaliwoloka kambirimbiri thabwa limenelo. Tsikulo ndili pakati penipeni, mwendo unangozima. Sunapweteke, unangokhala ngati palibe. Thupi lonse, ndi mwana yemwe kumsana, ndinalitsamiritsa pa ambulera, ndipo ambulera ndi ambulera basi, inangoti thyo! Chimene ndikukumbuka n'chakuti pogwapo ndinadzipotokola kuti ndigwe chafufumimba, mwana akhale pamwamba.

Ndinagwera m'ngalandemo, pamiyala ndi mapepala apulasitiki. Kumsana kunali zii. Inu owerenga, amene munaberekapo mwana mukudziwa kuti khanda likagwa limalira, ndipo likapanda kulira mtima wa mayi umaima. Ndinamuitana dzina, osayankha. Ndinalephera ngakhale kutembenuka kuti ndimuone. Nthawi imeneyo ndinaiwala tchalitchi, ndinaiwala kanema, ndinangoti Mulungu tengani mwendowu, tengani yonse iwiri, koma mwanayu alire. Kenako analira. Kulira kokoma ngati kumeneko sindinakumvepo chibadwire.

Amayi ogulitsa makala pafupi pomwepo anathamanga, anatsikira m'ngalandemo n'kumumasula. Anali atagunda pamphepete pa simenti, ndipo pamwamba pa diso lakumanja pamatuluka magazi. Ine dzino linali litabenthuka, bondo litasupuka. Anthu anadzaza m'mbali mwa ngalande, ndipo ndinamva mayi wina akufunsa mnzake ngati ameneyu si mayi wa umboni uja. Ndinayankha ndekha ndili chigonere pansipo.

"Ndine ndemwe, mayi. Mwendo wafanso. Tandinyamulani."

Ena anaseka, nanenso ndinaseka misozi ikutsika. Chinthu chimene ndinachibisa milungu yonseyo ndinachinena m'ngalande, pamaso pa gulu, ndipo kumwamba sikunagwe. Anyamata akabaza ananditulutsa n'kutitengera kuchipatala, kumene Tayamika anamusoka pachilondapo. Atamuyeza anati mutu uli bwino.

Amuna anga anafika ndi ovolosi yakuntchito, manja ali bii. Ndinadikira nthabwala, koma tsiku limenelo kunalibe. Ananyamula mwana, anayang'ana bandeji ya pachilondapo nthawi yaitali, kenako anandifunsa motsitsa mawu.

"Ndiye inu mumaopa pakamwa pa anthu kuposa mutu wa mwanayu?"

Apongozi anangonditenthetsera madzi othowera bondo. Chifundo chawocho chinandipweteka kuposa kukalipa.

Bondo litapola ndinapita kwa amayi busa, apongozi atandigwira mkono, kukapempha ndodo yanga. Ndinakonzekera ulaliki wautali. Iwo anangotenga makiyi n'kutsegula kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi kosungiramo matsache. Ndodo yanga inali pakona, ndipo anandiuza akuseka kuti amayi osesa akhala akuigwiritsa ntchito potsegula mawindo akumwamba. Anati sindine woyamba kubwerera, kungoti ena amatuma munthu kuti adzawatengere mobisa. Anawonjeza kuti iwo sanawerengepo paliponse pamene Mulungu anakwiya ndi ndodo.

Lamulungu lotsatira, nthawi ya maumboni, ndinadzukanso. Ndodo inagogoda pasimenti kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, tchalitchi chonse chili chete. Ndinawauza kuti tsiku lija sindinaname, ndinalidi bwino, ndipo miyezi imeneyo ndimaithokoza. Ndinawauzanso kuti matenda abwerera, dzina lake silikudziwika, mwina achoka mwezi wamawa ndipo mwina adzabweranso. Chimene ndinaimirira kuthokoza n'chakuti mwana wanga ali moyo ngakhale mayi ake anachita zopusa. Nthungululu zinali zochepa, ndipo palibe anajambula. Mayi wina anandiuza panja kuti ndafooketsa anthu. Koma bambo wina wachikulire, amene ndimamuona akupapasa buku la nyimbo chaka chonse, ananditsatira mpaka pageti n'kundifunsa monong'ona kuti zinthu zosiyidwa paguwa amazisunga kuti. Magalasi ake anali m'kachipinda komwe kaja.

Ndinabwereranso kwa dokotala uja. Sanandikalipire. Anati matenda ena a m'mitsempha amagona mayi akakhala woyembekezera n'kudzuka akabereka, ndipo ndikanapitiriza kubwera akanandichenjeza kuti ndikonzekere. Dzina la matenda anga sanalipezebe mpaka pano. Ndinasiya kulidikira ngati kuti moyo udzayamba tsiku limenelo. Mwendo ukakhala bwino ndimapita kukaoda mabelo ku Limbe, ndimavina pazikwati mpaka amuna anga kuchita manyazi. Ukazima ndimanena m'mawa womwewo, apongozi amabereka mwana, mnzanga wa adyo uja amandiyang'anira benchi, ndipo ine ndimatenga ndodo. Makondakitala akati agogo, ndimawauza kuti andipatse mpando wakutsogolo, poti agogo sakhala kumbuyo.

Tsono inu owerenga, makamaka amene muli ndi matenda obwera n'kumapita ngati angawa, ndikupempheni. Masiku abwino akabwera sangalalani, thokozani Mulungu mokweza mmene mungathere, koma musalumbire pagulu za thupi limene ngakhale madokotala sanalimvetse. Musataye ndodo, mankhwala kapena magalasi chifukwa choti mwezi uno mwadzuka bwino, ndipo kuchipatala musasiye kupita. Matenda akabwerera nenani tsiku lomwelo, uzani amene mumagona nawo nyumba imodzi. Ndipo inu amene mumaimba nthungululu mnzanu akachira, muzimusiyira njira yobwererera akadwalanso. Musamufunse za chikhulupiriro chake, mufunseni ngati akufuna womuberekera mwana.

Tayamika tsopano akuthamanga pabwalo, ndi wolongolola ngati bambo ake. Pamwamba pa diso lake pali kachipsera kakang'ono, pamene nsidze sizimera. Ndikamamusambitsa chala changa chimafikapo chokha. Tsiku lina adzadziyang'ana pagalasi n'kundifunsa kuti anatani pamenepo, ndipo ndidzamuuza zoona, kuti sanagwe yekha, anagwetsedwa ndi manyazi a mayi ake.