Digiri Yofika pa Windo

Ndinatsimikiza zochoka ku Nchenachena tsiku limene ahedi anandiuza kuti sukulu yagula kompyuta, ndipo kompyutayo ikubwera ndi munthu wake. Sanandichotse ntchito ayi. Anangoti makina anga otayipira apite ku stolo, ine ndizilandira alendo ndi kuliza belu. Ine NyaMhango, amene ndinkakonza ndandanda ya maphunziro a sukulu yonse popanda aphunzitsi awiri kugundana pakhomo la kalasi imodzi, ndiziliza belu! Bambo a mwana wanga anali atamwalira, mwanayo Tawonga anali asanayambe n'komwe sitandade 2, ndipo malipiro ankatha mwezi usanafike pakati. Msuweni wanga wa ku Gaborone anali atandilembera kale kuti koleji ina kumeneko ikufuna kalaliki. Loweruka lomwelo ndinakwera galimoto ya matola kupita ku Bolero kwa achimwene anga, mwana ali pamiyendo.

Achimwene ndi munthu wosachedwa pa nkhani. Anamva zonse, nati, "Wawona wekha." Amene anayankha zenizeni ndi akazi awo, mlamu wanga NyaChirwa, wa ku Mwazisi. Anamuyang'ana Tawonga, nandiyang'ana ine. "Mwana musiyeni kuno, alamu. Pogona anga, agona pomwepo. Inu pitani mukaone." Ndinkati ndipita zaka ziwiri basi. Ndinabwerera Tawonga ali namwino, ali ndi mwana wake kumbuyo.

Ku Botswana ndinayamba ndi kudinda mapepala. Madzulo ndinkaphunzira, chifukwa kunyumba kunalibe wondidikira, ndipo pang'onopang'ono ndinafika mu ofesi yokonza madigiri. Anthu amaganiza kuti digiri imangomera yokha. Ayi ndithu, pali munthu amene amakhala pansi n'kunena kuti phunziro ili liyambe, ili litsatire, lakuti litenge maola akuti, wolephera abwerere pakuti. Munthu ameneyo ndinali ine, ndipo ntchitoyo ndinkaikonda chomene. Ndine munthu wa mzere, ngakhale nsapato zanga zimagona motsatana. Pa malamulo onse, limene linkandikomera kwambiri linali lakuti wophunzira akasowa masemesita awiri otsatizana, dzina lake lifufutidwe, akafuna kubwera ayambirenso pachiyambi. Linkayeretsa mabuku athu bwino kwabasi.

Koma kusungulumwa ndiye kunalipo, sindibisa. Pakati pa sabata kunalibe vuto. Lamlungu masana ndi pamene pankandipweteka, ndikachoka ku tchalitchi kumene nyimbo ndinkazidziwa mayimbidwe koma mawu ayi. Ndinkachapa zovala zoyera kale kuti tsiku lithe. Mu minibasi wina akanena kuti "makwerekwere", dzina lonyozera ife obwera, ndinkayang'ana panja ngati akunena anthu ena. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, poyamba kudzera kwa madalaivala a mathiraki, kenako pa foni, ina ya fizi ya Tawonga, ina ya nyumba imene ndinayamba kumanga pafupi ndi achimwene. Tsiku lina ndinaimba foni, Tawonga anayankha, ndipo ndinamumva akukuwa kuti, "Amama, bwerani, aku Botswana aimba!" Ndinacheza nawo bwinobwino mpaka mayunitsi anatha, kenako ndinalira. Mlamu sindinamukwiyire. Ndikanamukwiyira bwanji munthu amene ankagona pansi ku chipatala mwana wanga akadwala malungo?

Chimene chinandibweza ndi foni ya a Munthali, mphunzitsi wamkulu wopuma, mkulu wa mpingo, munthu wovala tayi ngakhale popita ku chigayo. Iwo ndi anzawo ena opuma anali atabwereka shedi yakale ya fodya ku Bolero, naigawa zipinda. Ankafuna kuyambitsa yunivesite ya mtundu wina, ya anthu amene mayunivesite akuluakulu sawaona: alimi okhala ndi satifiketi ya Fomu 4 m'sutikesi, aphunzitsi a pulayimale, alangizi, eni timagolosale. Digiri inali imodzi yokha, ya ulimi ndi chitukuko cha kumudzi. "Aphunzitsi tili nawo, mama," anatero, "koma wotiyalira msewu palibe. Bwerani." Mawondo anali atayamba kale kundiuza kuti ndakalamba, ndipo nyumba yanga inali itafoleredwa. Ndinabwera.

Ndinayala msewuwo monga ndinkadziwira: zaka zinayi, masemesita asanu ndi atatu, ndi lamulo langa lija la masemesita awiri. A Munthali anakondwa mpaka anandigwira chanza ndi manja onse awiri. Tsiku lolembetsa, ndikukweza mutu, ndinaona pamzere pali mlamu, atavala chitenje chatsopano, satifiketi yake ili mu pepala la shuga. Kani anakhoza bwino Fomu 4 asanakwatiwe, ine zaka zonsezi osadziwa. "Ana ndamaliza kulera," anatero, "anga ndi anu omwe. Tsopano ndi ine." Chaka choyamba anakhala pamwamba pa kalasi yonse, anyamata a mafoni akuluakulu akumubwereka makope.

Chaka chachiwiri chili pakati, bambo ake ku Mwazisi anafa ziwalo mbali imodzi. Mlamu anapita kukawasamala, nakalima munda wawo. Semesita imodzi inadutsa. Yachiwiri inafika nthawi imene chimanga chimakhwima, pamene njovu za m'nkhalango ya Vwaza zimatulukira kudzaona zimene anthu alima, ndipo mlamu anatsalira komweko kulondera munda. Sanali yekha wosowa. Pa tebulo langa panadzaza timakalata topepesa: maliro, kusankha fodya, kudwazika, njovu, njovu, njovu. Ku Botswana njovu ziliko zambiri kuposa kuno, koma zaka zonse zija sindinalandirepo kalata yakuti munthu wajomba chifukwa cha njovu. Nditawerenga bwino, ndinapeza kuti lamulo langa likufufuta pafupifupi theka la kalasi, ndipo woyenera kuwerenga mayinawo pa msonkhano wa komiti ndinali ine. Dzina la mlamu linali pomwepo.

Ndinapita kwa a Munthali mwamseri, ndikuyembekeza kuti mwina anena kuti timusiye. Anavula magalasi. "Lamulo ndi lanu, mama, ndipo ndi labwino. Tikalipindira mlamu wanu lero, mawa tilipindira mwana wa abusa. Kenako anthu azidzati digiri ya ku Bolero amagawa ngati makuponi." Ankanena zoona. Achimwene nawo anangoti, "Usamuchitire chifundo, iye uja sangakondwe." Ndinakhala sabata yonse mtima uli m'mwamba. Munthu amene anandilerera mwana, ine ndimubweze ku chaka choyamba, pa msinkhu wake? Ndinkadziwa kuti sangayambirenso. Akanangoseka, n'kubweza satifiketi yake mu pepala la shuga.

M'mawa wina ndinkazungulira nyumba yanga, kuyeza ndi maso kuti pulasitala ya kunja idya matumba angati a simenti. Ndipo ndinaona chinthu chimene ndinkachidutsa tsiku ndi tsiku. Khoma langa lili ndi mitundu. Pansi njerwa zake n'zakuda, zowotcha kwambiri. Kufika pa windo n'zofiira. Kuchoka apo kupita m'mwamba n'zotuwa, za dothi lina, uvuni wina, chaka china. Nyumba imeneyi sinamangidwe ulendo umodzi. Maziko anakhala okha dzinja lathunthu. Itafika pa windo, Tawonga anasankhidwa ku sekondale yogonera konko, ndalama yonse inakhotera kumeneko, ndipo nyumba inaima zaka. Mlamu ananditumizira chithunzi pa foni: m'chipinda changa chochezera mutayanga maungu, iye ataima pakati akuseka, atanyamula limodzi. Palibe ndi mmodzi yemwe ananena kuti popeza mwachedwa, gwetsani muyambirenso. Ndalama itapezeka, mmisiri anazungulira khoma, naligogoda, nachotsa mzere wapamwamba umene mvula inafumbutsa, n'kupitiriza pomwepo. Bolero yense amamanga chonchi. Ndi ine ndekha amene ndinabwera ndi digiri yofuna kuti munthu athire maziko ndi kukhoma malata osapuma.

Pa msonkhano sindinawerenge mayina. Ndinapempha choko. Ndinati digiri yathu ikhale magawo anayi, ndipo kuti timvane msanga ndinawatcha Maziko, Windo, Khoma ndi Denga. Gawo lililonse lizitha palokha, ndi pepala lake: satifiketi kwa womaliza Maziko, ina yokulirapo pa Windo, dipuloma pa Khoma, digiri pa Denga. Chimene munthu wamaliza ndi chake, sichiwola. M'kati mwa gawo, phunziro lililonse liziphunzitsidwa masabata ochepa motsatizana n'kutha, kuti wochoka asasiye zinthu zisanu zili theka. Za m'kalasi tizichita m'chilimwe. M'dzinja wophunzira azikhala kumunda kwake kapena ku ntchito kwake, ndipo zimene akuchita kumeneko, kuyesa mbewu, kulemba za nthaka, kuona mmene gulu la alimi likuyendera, zizikhala mbali ya maphunziro, mphunzitsi azimuyendera pa njinga yamoto.

A Munthali anamvetsera nkhope ili gwa. "Nanga munthu akasowa zaka zisanu, mutu utachita dzimbiri, tingomulandira ndi nthungululu?"

"Ayi, adada," ndinatero. "Tiziyamba tagogoda khoma. Wobwerera akhale masabata awiri ndi aphunzitsi, amufunse, amupatse ntchito. Pamene pafumbwa abwereze pomwepo pokha. Pamene pali polimba timangepo."

"Akuluakulu oyendera makoleji ku Lilongwe adzatiseka ndi mawindo anuwa."

Apa ndi pamene analankhula a Bwanali, munthu wa ku Machinga wogwira ntchito ku ofesi ya boma, amene tinamuika mu komiti chifukwa chodziwa mapepala. "Akulu, ine boma landisamutsa katatu. Digiri yanga inatsala ku Blantyre ili pa windo, maungu akumera. Mukavomereza zimenezi, woyamba kulembetsa ndine." Anthu anaseka, a Munthali nawo anaseka pang'ono, kenako anayamba kufunsa mafunso a ntchito: maola akwana bwanji, ndani aziyesa obwerera, njinga yamoto imwa mafuta a ndani. Tinakangana mpaka njala inatipweteka, koma tinavomerezana. Pa mapepala opita ku Lilongwe tinalemba Gawo Loyamba, Gawo Lachiwiri, mwaulemu wake. Akuluakuluwo sanatiseke, koma mafunso awo sanathe mpaka lero, ndipo ndine amene ndimawayankha. Ophunzira okha ndiye sadziwa za Gawo Lachiwiri. Ukakumana nawo pamsika amati, "Ine ndili pa Windo, chaka chino fodya akachita bwino ndikwera Khoma."

Masiku ano ndimadzuka, ndimamwa tiyi, ndimayenda wapansi kupita ku shedi yathu, ndikupatsana moni ndi anthu m'chinenero chimene ndimalota nacho. Malipiro ake ndi oseketsa poyerekeza ndi a ku Gaborone. Tawonga amabwera ndi mdzukulu pa tchuthi, ndipo tonse awiri, ine ndi mlamu, amatiitana amama, wina akayankha winayo amangopitiriza zimene akuchita. Mtima wanga uli m'malo.

Komiti itangovomereza, ndinakwera pikapu ya ku Mwazisi kuti ndikamuuze mlamu ndekha. Ndinamupeza pakhonde la bambo ake akutonola chimanga, manja akununkha tsabola amene amafukiza m'mphepete mwa munda kuingitsa njovu. Madalawo anali pampando, akuwothera dzuwa. Nditawalonjera, ndinakhala pamphasa n'kumufotokozera zonse, kuyambira pa lamulo mpaka pa choko, ndikudzimva ngati munthu wobweretsa ng'ombe.

Anasiya kutonola. "Ndiye mukuti munkafuna kundifufuta?"

"Lamulo linkatero, alamu."

Anaseka mpaka anapukuta misozi ndi chitenje. "Yewo chomene. Koma ine sindimadziwa kuti ndachoka. Chimangachi chikalowa m'nkhokwe, mng'ono wanga abwera kudzakhala ndi adada, ine ndibwera ku sukulu. Makope anga ali m'nyumbamu, ndimawerenga." Anatola chimanga china, nachiyang'ana. "Inu mukudziwa kuti ku gulu la amayi a mpingo ku Bolero dzina lanu silinachoke? Munalembetsa sabata ija munabweretsa mwana. Mlembi akaitana kuti NyaMhango, ine ndinkayankha kuti ali m'njira. Mlembi ameneyo anamwalira, anabwera wina, ndinkayankhabe. Kenako amayi onse anazolowera, ankangoyankha okha ine ndisanatsegule pakamwa."

Ndinamuyang'anitsitsa. "Zaka zonse zija, alamu?"

"Nanga ndinanama? Si mwafika?"

Anandikankhira lichero ndi phazi, nati nditonole nawo, ndisangokhala manja lende ngati mlendo.