Ndimu Yosenda Theka

Ndikukumbukira bwino ine, mutu wanga sunawole. Ndinali ndi zaka khumi pamene mayi anandipereka kwa wansembe wa ku Holland, pamishoni kwathu ku Thyolo, kuti ndizisesa ndi kutsuka mbale. Pondisiya anandikoka khutu: "Akakuthamangitsa, pakhomo panga usapondepo."

Tsiku lina m'mawa ndinalowa m'chipinda chodyera, ndinangoti kukamwa yasa. Patebulo chipwirikiti! Nsomba yowamba ili pamtetete, buledi wonyemanyema, ndimu yosenda theka khungu likulendewera, tambula yagona chammbali, mpeni uli m'mphepete ukufuna kugwa. Kwathu chakudya sitisiya chosavundikira, ntchentche si m'bale wako. Ndinagwira ntchito ngati mwamuna. Ndimu ndinamaliza kusenda, tambula ndinaimika, nsomba ndinavundikira, nsalu ndinawongola bwinobwino.

Abambo atalowa ndi maburashi awo ndi penti, nkhope inafiira ngati tomato. Anabwezeretsa chipwirikiti chawo osayankhula, ndi ndimu ina. M'mawa mwake ine ndinakonzanso.

"Fabiano! Ndani akuwononga tebulo langa?"

"Ine ndimakonza, Abambo. Wowonongayo sindinamugwire."

Ndinayamba kuganiza kumene ndikagone akandichotsa. Koma mzungu uja anaseka mpaka kutsokomola. Anandikhazika pampando wawo, n'kunditembenuzira thabwa limene ankajambulapo. Ndimu ija inali itajambulidwa pamenepo, yonyowa, moti malovu anadzaza m'kamwa. Anati kwawo makolo akale ankajambula chakudya chotere, chifukwa mawa chimakhala chadyedwa kapena chaola.

"Khala pamenepa, uone mmene dzuwa likulowera m'tambulamo. Osagwira kanthu."

Ndinakhala mpaka masana, ndikungoyang'ana. Kenako nsomba ija tinagawana. Ntchito ndinakhala nayo mpaka ndevu zinamera!

Panopa ndili kudziko la azungu, ku Ilford, kwa mwana wanga Esinala, nesi wa pachipatala. Mwezi watha mdzukulu wanga Tadala anandikweza sitima kupita kunyumba yaikulu ya zithunzi m'tauni. Titalowa chipinda china ndinakuwa: "Tadala, ndimu yanga iyo!" Pakhoma ponse buledi, nsomba, mphesa, matambula. Anthu anacheuka.

"Agogo, please, pang'onopang'ono," anatero Tadala.

"Pang'onopang'ono chiyani? Awa akungodutsa ndi mafoni awo. Ine zimenezi ndinaphunzira kwa eni ake!"

Mlonda anabwera kuti anditontholetse, koma nditamulozera mpeni wa m'mphepete mwa tebulo pachithunzi china, nayenso anaima n'kumwetulira.

Sukulu ndinalekera Sitandade 2, sindibisa. Koma ndikudziwa chimene ambiri ophunzira sadziwa: chakudya chimakongola kanthawi kochepa, ndipo wothamangira kumeza sachiona. Esinala akachoka ku shifiti atatopa n'kundiikira mpunga ndi nyemba, sindifulumira kusamba m'manja. Ndimayamba ndayang'ana mafuta akunyezimira, ndi manja amene aphika.

"Adadi, chizizira," amatero.

Chizizire, mwanangu. Ndikuona kaye.