Sola Ziwiri za Mkamwini

Kombi yanga inasiya kunyamula anthu kalekale. Ndinachotsamo mipando, ndinaikamo matiresi, babu ndi kawailesi. Dzinja likafika, ine ndi mkazi wanga timapita nayo kumunda ku Chongwe, n'kumagona momwemo. Ikakhala kuno ku Chawama, magetsi akathima, ndiyo imawala yokha pamzere wathu wonse.

Zonse ndinamanga ndi manja anga. Sola yaing'ono padenga, batire pansi pa mpando, pakati pake kontolola, kabokosi kopimira batire moto kuti isapse. Kabokosi kameneka kali ndi malire. Ukakapatsa moto woposa mphamvu yake, kamatentha n'kufa, batire n'kutsatira.

Lamlungu lina mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga woyamba, anabwera ndi sola ziwiri zazikulu ngati zitseko. Ndi munthu wonyamula matumba kumafakitale. Anagwada, anaomba m'manja, maso pansi.

"Batata, ni vanu ivi. Bamayo asamagone mumdima."

Ndinayang'ana sola, ndinayang'ana kabokosi kanga. Imodzi kakanaitha. Ziwiri ayi. Koma mkamwini wogwada sumuuza kuti mphatso yake ikuotchera katundu. Ndinati zikomo.

Ndinakweza zonse ziwiri padenga kuti wodutsa aliyense azione. Ndinalumikiza imodzi yokha. Waya wa inayo ndinaupinda, ndinaubisa kuseri kwa chitsulo.

Mkazi wanga anaona. "Ndi imvi zimenezo mwayamba kunamiza ana?"

"Sindinanene kanthu kwa munthu."

"Denga ndiye likunena."

Patapita masabata, mkamwini anabweranso. Inali nthawi ya mphepo, fumbi paliponse. Asanakhale pansi anapempha nsalu, anakwera kukapukuta sola. Ndinamva nsalu ikuyenda, kenaka zii. Anaupeza waya uja. Anatsika, anamwa tiyi, tinakamba za mpira. Za padenga sanatchule. Sabata imeneyo ndinkati mwana wa eni wapita akuganiza kuti ndanyoza thukuta lake, ndipo pakhomo pano sadzapondanso ndi mtima umodzi.

Loweruka kunabwera mwana wanga yekha, atanyamula kanthu kokulunga m'chitenje.

"Batata, bamuna banga bakuti banatola ichi. Sibaziba nchito yake. Kapena imwe mungachizibe."

Ndinamasula. Kontolola yaikulu, yatsopano, pulasitiki yake isanang'ambidwe. Mkazi wanga analowa m'nyumba kukasekera kumeneko.

"Ukawauze kuti ndichiyesa," ndinatero.

Tsiku lomwelo ndinaika kontolola yatsopanoyo, ndinatulutsa waya uja, ndinalumikiza zonse ziwiri. Dzuwa lisanafike pamutu batire inali itadzaza. Lero mu kombi muli kafiriji, ndipo ku Chongwe timamwa madzi ozizira tikachoka kopalira.

Mkamwini amabwerabe kudzapukuta. Amachedwa padenga kuposa mmene fumbi lifunira. Ndimadziwa chimene akuyang'ana. Ndimamugwirira makwerero.